Kumbuyo kwa Disiki ya Apongozi

Makina osindikizira anali akulira ngati macheka pamene Corinne Lahti ankatsika masitepe a chipinda chapansi pa holo, kumene kunali sukulu ya mkombaphala. Linali Lachisanu masana, mu Okutobala wa 1984, ndipo kunja chipale chofewa choyamba chinali chitayamba kuwaza. Dzanja limodzi anagwira mwana wake Kaisa, wa zaka zitatu. Dzanja linalo anagwira chikwama chimene anali atachitsegula kale katatu m'basi, kuona ngati mankhwala ndi jekeseni zilimo.

"Wabweranso?" anatero Mayi Ostrowski, mkulu wa sukuluyo, maso ali pa pepala limene linkatuluka m'makinamo. "Dzulo unadzaona zimbudzi. Dzana unadzagwedeza mpanda. Lero wadzanunkhiza chiyani?"

"Ndimangodutsa, Mayi."

"Kudutsa pansi pa nthaka? Ndiwe mfuko?"

Corinne anaseka, koma kuseka kwake sikunafike patali. Lolemba ankayamba ntchito yoyankha mafoni kwa dokotala wa mano, ndipo kanali koyamba kuti amusiye Kaisa m'manja mwa anthu ena tsiku lonse. Mwamuna wake Arvi anali pa sitima yapamadzi yonyamula tirigu, wodzabwerako mu Disembala nyanja ikaundana. Ngati kuti zimenezo zinali zochepa, Lolemba lomwelo kukhitchini kunkayamba wophika watsopano, wosadziwa mwana ndi mmodzi yemwe.

Mtedza unkamuwenga Kaisa. Osati kuwenga kwa totupatupa ta pakhungu ayi. Chaka chapitacho ananyambita mpeni wa chiponde, ndipo pasanathe mphindi khumi milomo inali itatupa, mpweya ukutuluka ndi kaliwu ngati ka wenzulo. Koma pasukulupo, monga m'sukulu zonse za ana mumzinda wa Thunder Bay, buledi wopaka chiponde ndiye ankadyedwa katatu pa sabata.

"Khazika mtima pansi," anatero Mayi Ostrowski, akung'amba pepala lalitali lija la tibowo m'mbali. "Zonse zili apa. Mwana aliyense, chimene sadya, mankhwala ake. Lachisanu lililonse ndimasindikiza watsopano, wakale n'kutaya. Wophika akangodziwa kuwerenga, basi."

Anakaukhoma mndandandawo pakhoma la kukhitchini, pamwamba pa sinki. Corinne anawatsatira. Anaika chala pa dzina loyamba n'kuyamba kutsika. Anafika pa Kozak, Lorne: sadya nsomba. Anatsitsa chala. Kozak, Lorne: sadya nsomba. Anatsitsanso. Maki, Curtis.

Anabwerera m'mwamba, nawerenganso pang'onopang'ono.

"Mayi, Kaisa palibe."

"Alipo. Ndinamulemba ndekha m'kompyuta sabata yatha, iwe uli chiimire kumbuyo kwanga ngati wapolisi."

"Palibe. Lorne walembedwa kawiri. Pamalo pa Kaisa pali Lorne."

Mayi Ostrowski anavala magalasi amene ankalendewera pachifuwa pawo. Anayang'ana, nakwinya nkhope. Mndandanda unali wautali monga mwa masiku onse, mizere yonse yokwanira, moti munthu wongoponya diso sakanaona kanthu. Anatenga cholembera m'thumba nalemba m'mbali: Lahti, Kaisa, mtedza ayi. Anadula mzere kawiri pansi pake.

"Eko. Nkhani yatha."

"Nanga Lachisanu likubwerali, mukataya pepalali n'kusindikiza lina?"

"Ndidzakumbukira."

"Mukadzadwala? Akadzasindikiza wina?"

"Iwe mwana, ukundidwalitsa ndili bwinobwino?"

Corinne sankakonda kukangana ndi akuluakulu, ndipo ankadziwa kuti m'holo monsemo dzina lake linali Mayi Nkhawa. Koma anafunsabe, mawu ali pansi, kuti makinawo anachita bwanji kuti amudumphe mwana wake.

"Imatsokomola," anatero Mayi Ostrowski, akuloza kompyuta, bokosi lachitsulo la kagalasi kobiriwira. "Ikamasindikiza imafika pena n'kumalira khrr, khrr, kenaka imalemba timawu takuti yapeza malo oipa pa disiki. Ukangokanikiza batani lalikululi, imapitiriza bwinobwino. Apongozi ako ndi amene anandionetsa."

"Inayamba liti?"

"Kungoyambira pamene disiki inadzaza, tinaitembenuza n'kusamutsira mayina a ana kumbuyo. Mwezi watha."

Anaitulutsa m'makinamo n'kumupatsa. Inali yakuda, ya makona anayi, yopyapyala, yaikulu ngati chikhatho cha mwamuna. M'mbali mwake munali kamphako kamene anadula a kufakitale, kosalala bwino. Mbali inayo kunali kamphako kena kokhota pang'ono, ndi kabowo kena pafupi ndi pakati. Corinne anaidziwa ntchito imeneyo. Anali ataiona pathebulo la kukhitchini kwa apongozi ake.

Loweruka m'mawa anawapeza Bambo Eino Lahti akuwaza nkhuni za nyumba yosambiramo nthunzi, monga ankachitira Loweruka lililonse kuyambira Arvi asanabadwe. Anali atapuma ntchito zaka zitatu zapitazo, atagwira zaka makumi atatu ndi zinayi monga woyesa tirigu ku nkhokwe zikuluzikulu za kudoko. Atapuma, mkazi wawo n'kumwalira, anagula kompyuta, nalowa kalabu ya anthu a makompyuta imene inkakumana kulaibulale. Atagula ina, yakaleyo anaipereka kusukulu ya mkombaphala, pamodzi ndi madisiki khumi.

"Agogo!" Kaisa anathamanga nawakumbatira mwendo.

"Pang'onopang'ono, kanthu kanga, amayi ako angakomoke," anatero akuika nkhwangwa patali. "Mwawuka bwanji, Mayi Nkhawa? Lero dziko likutha nthawi yanji, kuti ndisawotche nkhuni pachabe?"

"Ndawuka bwino, kaya inu Bambo?"

"Ndawuka. Lowani, khofi ali pamoto."

Pathebulo panali mulu wa madisiki a mnzawo wina wa kukalabu, ndi chobowolera mapepala chachitsulo, cha zogwirira zofiira. Bambo Eino ankanyadira ntchito imeneyi. Makina awo ankawerenga mbali imodzi yokha ya disiki, ndipo madisiki otsika mtengo ankagulitsidwa kuti ndi a mbali imodzi. Koma iwo anali atazindikira kuti ukadula kamphako mbali inayo, n'kubowola kabowo kena mosamala, ukhoza kuitembenuza n'kulembanso kumbuyo. Disiki imodzi inkasanduka ziwiri.

"Chitumbuwa chili ndi mbali ziwiri," ankatero kwa aliyense wofuna kumva. "Ndani amadya mbali imodzi n'kutaya inayo?"

Corinne anakhala pansi, nagwira kapu ndi manja awiri. Usiku wonse anali atakonza mawu, koma tsopano onse anathawa. Munthu amawauza bwanji apongozi ake, m'nyumba mwawo, akumwa khofi wawo, kuti nzeru zawo zalakwitsa?

"Bambo, kompyuta ya kusukulu ija ikumatsokomola."

"Nanenso ndimatsokomola. Ndi ukalamba. Ndinawauza mayi aja kuti azingokanikiza batani."

"Akakanikiza, chimachitika n'chiyani?"

"Imapitiriza."

"Nanga mawu amene anali pamalo oipawo amapita kuti?"

Bambo Eino anakweza mapewa. "Chilembo chimodzi, mwina ziwiri. Palibe amafa ndi chilembo. Amake Kaisa, inu mukanakhala mbalame simukanatera pamtengo, kuopa kuti nthambi ithyoka."

"Amati kumbuyo kwa madisiki amenewa sakuyesa kufakitale."

"Amatero kuti mugule ambiri! Ndani wakuuzani zimenezo? Ndi Desmond wa kukalabu uja eti? Munthu wovala tayi pokatchetcha kapinga?"

Corinne anatsegula chikwama, natulutsa pepala lija. Anali atawapempha Mayi Ostrowski kuti amusindikizire lina, lopanda zolemba pamanja. Analitambasula pathebulo, pambali pa chobowolera.

"Uwu ndi mndandanda umene wophika watsopano aziwerenga Lolemba. Mundipezereko mdzukulu wanu."

Bambo Eino anamuyang'ana, kenaka anayang'ana pepala. Anatsitsa chala chawo chokhakhala mofulumira, ngati munthu wofuna kuthetsa nkhani. Chinafika pa Lorne. Chinadutsa. Chinaima. Chinabwerera.

M'khitchinimo munangomveka wotchi ya pakhoma ndi Kaisa akuyankhula ndi mphaka pansi pa thebulo.

Tsiku la mpeni wa chiponde lija, ndi Bambo Eino amene anayendetsa galimoto kupita kuchipatala. Anadutsa maloboti awiri ofiira, dzanja limodzi lili pachiwongolero, linalo atagwira kaphazi ka mwanayo kumbuyo. Chiyambire tsikulo sanaitchulepo nkhaniyo.

"Si chilembo chimodzi," anatero Corinne motsitsa.

"Ndaona."

"Bambo, ndifunseko. Kudoko kuja, bogi ya sitima ikabwera yodzaza tirigu, pamwamba pakuoneka bwino, munkangoilola?"

"Ayi."

"Arvi amati munali ndi mkondo wamkuwa wautali kuposa munthu."

"Tinkabaya kasanu. M'makona anayi ndi pakati, mpaka pansi." Anapukuta pakamwa ndi chikhatho. "Chinyezi chimabisala pansi. Mlimi ankatha kundilumbirira pa manda a amayi ake, ine n'kubayabe."

"Nanga madisikiwa palibe mkondo wake?"

Bambo Eino anadzuka, natsikira kuchipinda chawo chapansi. Corinne anamva mabokosi akukokedwa. Anabwerako ndi disiki imodzi m'kachikuto ka pepala, ali ndi nkhope ya mwana wopezeka ndi shuga m'thumba.

"Anandipatsa Desmond mu Julayi. Pulogalamu yofufuza malo owonongeka. Anandipatsa pamaso pa kalabu yonse, amvekere, 'Iyi ndi ya zitumbuwa zako, Eino.' Onse anaseka. Ndiye ndinaiika pansi pa bokosi la misomali."

"Simunaiyesepo?"

"Ndikanamupatsa chisangalalo chimenecho?" Anavala chipewa. "Safunsa anadya phula. Imbirani mayi aja foni abwere ndi makiyi. Nkhuni zidikira."

Masana anakumana kuholo. Sukulu ya ana ikakhala yopanda ana imaoneka ngati yasiyidwa mothawa: timipando tating'ono titagadabuzika pamathebulo, nsapato imodzi ili pakona. Mayi Ostrowski anabwera atavala mpango pamwamba pa zopiringizira tsitsi, nkhope ili gwa.

"Loweruka langa," anatero akutsegula chitseko. "Ndikanakhala ndikukanda ufa pano. Eino, nawenso wagwidwa matenda a mpongozi wakoyu?"

"Ndi opatsirana, Bernadette. Imani patali."

Anamupatsa Kaisa makrayoni ndi pepala. Bambo Eino anakoka mpando wa pakompyuta, koma m'malo mokhalapo anaugwira n'kumuyang'ana Corinne.

"Khalani inu. Munaphunzira kutayipa kusekondale. Ine zala zanga zimakanikiza mabatani awiriawiri."

Corinne anali asanaigwirepo kompyuta. Ankaiona ngati chinthu choti ukachilakwitsa chiphulika. Anapukuta manja pa siketi, nakhala. Makinawo anali ndi timakomo tiwiri. Pakhomo lapamwamba analowetsa disiki ya Desmond. Lapansi analowetsa ya mayina a ana, chakumaso kaye.

"Imagwira bwanji?" anafunsa.

"Disiki ili ngati munda," anatero Bambo Eino, ataima kumbuyo kwake. "Mizere makumi anayi yozungulira, ndipo mzere uliwonse wagawidwa tizigawo tating'onoting'ono. Masiku onse makinawa amangopita pa kachigawo kamene akufuna. Koma pulogalamuyi imayenda munda wonse, kachigawo ndi kachigawo. Ikapeza kowonongeka imakamangira mpanda, kuti pasadzalembedwenso kanthu."

"Nanga zimene zinalembedwapo kale?"

"Madzi akatayika saoleka."

Corinne anatayipa dzina la pulogalamuyo monga linalembedwera pachikuto, nakanikiza batani ndi nsonga ya chala. Kanyali kofiira kanayaka. Makinawo anayamba kulira motsitsa, tiki, tiki, tiki, manambala a mizere akukwera pagalasi. Anawawerenga ndi milomo. Anafika kumapeto osapunthwa pena paliponse.

"Mwaona?" Bambo Eino anawongola msana. "Palibe ndi kamodzi komwe."

"Kumeneko ndi kumaso, Bambo."

Anaitulutsa, naitembenuza, naibwezeramo. Tiki, tiki, tiki. Mzere wachisanu. Wachisanu ndi chinayi. Pa mzere wa khumi ndi chiwiri makinawo anasintha mawu: khrr, khrr, khrr, ngati galu wotsamwa fupa. Pagalasi panatuluka nambala, payokha.

"Ndi kumeneko kutsokomola kuja!" anatero Mayi Ostrowski, dzanja likupita lokha ku batani lalikulu.

Corinne analigwira m'malere. "Pepani, Mayi. Isiyeni ilankhule."

Inatsokomolanso pa mzere wa khumi ndi chisanu ndi chimodzi. Kenaka kawiri motsatizana. Corinne ankalemba nambala iliyonse kumbuyo kwa envulopu. Pomaliza zinali zisanu ndi ziwiri.

Bambo Eino anavula chipewa, nakanda pamutu, nachivalanso.

"Tizigawo tisanu ndi tiwiri, pa mazanamazana," anatero, koma mawu anali opanda mphamvu. "Ukawerengera bwino, si tambiri."

"Kamodzi mwa timeneto ndi Kaisa."

"Eya. Ndi zoona."

Corinne anatembenukira kwa Mayi Ostrowski. "Mukamasindikiza mndandanda, imatsokomola kangati?"

"Sindinkawerenga. Kamodzi." Anaganiza. "Ayi. Kawiri. Pakati, ndiponso chakumapeto."

Onse atatu anayang'anana. Mayi Ostrowski anapita kukabati yachitsulo, natulutsa mafomu amene makolo analemba pamanja polembetsa ana. Anagwirizana kuti iwo aziwerenga fomu mokweza, Corinne aziyendetsa chala pa mndandanda. Ana anali makumi atatu ndi anayi. Anadutsa Lorne ndi mthunzi wake, nadutsa Curtis. Anatsika mpaka chakumapeto.

"Rasmussen, Joy. Palibe chimene sadya."

"Alipo."

"Sawchuk, Noreen. Mazira, ngakhale a m'keke."

Chala cha Corinne chinaima. "Rasmussen, Joy," anawerenga. "Kachiwiri."

Mayi Ostrowski anakhala pansi pa kampando ka mwana, mawondo kufika pachifuwa.

"Noreen wakhala pano chiyambire Seputembala," anatero. "Masabata anayi ndakhala ndikukhoma pepala limene iye palibe. Wophika wakale ankamudziwa pamtima, n'chifukwa chake sizinaoneke. Ndinalemba kuti Lolemba m'mawa tiphike mazira." Anagwira pakamwa. "Mayi Maria. Ndipo ine ndimangokanikiza, ngati ndikuthamangitsa ntchentche."

"Ndinakuuzani ndine," anatero Bambo Eino. "Mlandu ndi wanga."

Corinne anachita manyazi pa chifukwa china. Dzulo anawerenga mndandandawo kawiri, kunyumba kasanu, ndipo ulendo uliwonse ankalekezera pamalo pa Kaisa. Sanatsikepo mpaka pansi. Noreen ankamudziwa, kamtsikana ka mano otalikirana kamene kanamubwereka Kaisa chidole tsiku lodzaona malo. Amayi ake ankagwira ntchito kochapa zovala kuchipatala, ndipo nawonso ankachoka m'mawa uliwonse akukhulupirira pepala la pakhoma.

"Nanenso sindinamuone," anatero. "Ndinkangofuna wanga."

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe," anatero Mayi Ostrowski, akupukuta magalasi ndi nsonga ya mpango. "Tonse tagwa m'dzenje limodzi. Chabwino, Mayi Nkhawa. Tiuze chochita."

Kanali koyamba kuti dzinalo limveke ngati udindo.

Anayesa madisiki onse khumi, kumaso ndi kumbuyo. Zinatenga masana onse. Bambo Eino anapita kukagula khofi ndi mabanzi, atayamba wafunsa kubekale kawiri ngati mulibe mtedza. Kaisa anagona pamphasa ya ana, krayoni ili m'manja. Kumaso madisiki onse anali abwino kupatula imodzi. Kumbuyo, anayi anali oyera, asanu ndi imodzi anali ndi malo owonongeka, ena amodzi, ena ambiri. Iliyonse yotsokomola Corinne ankaidontheza utoto wofiira wa zikhadabo pakona.

"Tsopano popeza mipanda yamangidwa," anayamba Bambo Eino mosamala, "kumbuyoko kukhoza kugwirabe ntchito. Malo oipa atsekedwa. Kutaya munda wonse chifukwa cha chulu chimodzi..."

"Bambo, bogi ikapezeka ndi chinyezi pakona imodzi, munkaitumiza kwa ophika buledi?"

"Inkapita ku chakudya cha ziweto."

"Ndiye kumbuyoko kukhale kwa ziweto. Makalata oitanira anthu ku msonkhano, nyimbo za Khirisimasi, magemu a kukalabu kwanu. Koma mayina a ana apite kumaso kwa disiki yoyesedwa, ndipo akhale pawiri."

Mayi Ostrowski anaseka koyamba tsikulo. "Eino, wapezana naye wokuposa."

"Arvi anakwatira woyesa tirigu osadziwa," anatero Bambo Eino, akugwedeza mutu. Koma m'maso munali kunyadira kumene sanathe kubisa.

Corinne anasankha disiki yoyera, natayipa mndandanda wonse kuchokera pa mafomu, osati pa disiki yakale ija. Pofika pa mwana wa khumi zala zinali zitakumbukira za kusekondale. Anaukopera pa disiki yachiwiri. Anasindikiza. Makinawo sanatsokomole. Anawerenga mayina onse mokweza, kuyambira pamwamba mpaka pansi penipeni, Mayi Ostrowski akuvomera ndi fomu m'manja. Makumi atatu ndi anayi, aliyense kamodzi.

Kenaka anatenga kapepala nalemba ndi zilembo zikuluzikulu: IKATSOKOMOLA OSAKANIKIZA. IMBIRANI CORINNE. Pansi pake anaika nambala ya kwa dokotala wa mano. Anakamata ndi selotepi pamwamba pa batani lalikulu lija.

"Ndipo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndizibwera kudzayesanso," anatero. "Amati malo oipa amatha kuwonjezeka."

"Amatero ndani?"

"Zalembedwa pachikuto. Ndi dzanja la a Desmond."

"Hm," anatero Bambo Eino.

Potuluka, anaima pa shelefu ya zoseweretsa. Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa chobowolera cha zogwirira zofiira. Anachiyang'ana pang'ono, nachiponya m'bokosi la malumo ndi mapepala amitundumitundu.

"Ana azipangira chipale cha mapepala," anatero. "Ku kalabu musakanene."

Lolemba kunacha kozizira, kumwamba kuli mbee. Corinne anafika kusukulu isanakwane hafu seveni. Wophika watsopano, Mayi Petrone, anali mayi wamfupi wa mikono yamphamvu, atavala kale epuloni. Anali ataima pasinki, akuwerenga pepala la pakhoma.

"Inu ndi mayi wa ndani?" anafunsa.

"Wa Kaisa Lahti. Uyu."

Mayi Petrone anatsitsa chala. "Lahti, Kaisa. Mtedza ayi, chiponde ayi, ngakhale mpeni umene wakhudza chiponde. Jekeseni ali m'kabati yoyera." Anawerama namuyang'ana mwanayo kumaso, nthawi yaitali, ngati akumujambula m'mutu. "Chabwino. Iwe ndi ine tizidya tchizi. Nanga Noreen ndi uti? Mazira aja ndawabweza m'firiji, lero ndi phala."

"Sanafike. Ali ndi mano otalikirana, amavala jekete yachikasu."

"Akafika mundilozere, Bernadette."

Corinne anapereka mankhwala kwa Mayi Ostrowski, nawaonerera akuwaika m'kabati. Anawerenga mndandanda kamodzi, mpaka pansi. Anafuna kuyambiranso, koma anabweza dzanja n'kuliika m'thumba. Anagwada kuti atsanzike, koma Kaisa anali atapeza kale chobowolera chija, lilime lili kunja, akulimbana ndi pepala lobiriwira.

"Ndapita, mwana wanga."

"Pitani, Amayi," anatero osadzutsa mutu.

"Basi yako ikupita, mfuko iwe," anatero Mayi Ostrowski, akumukankha pang'ono pamsana. "Tuluka pansi pa nthaka."

Corinne anakwera masitepe. Disiki yachiwiri ija inali m'chikwama, pakati pa makatoni awiri kuti isapindike. Panja mphepo inamumenya kumaso. Anayenda masitepe khumi osacheuka. Pa sitepe ya khumi ndi chimodzi anacheuka, ndipo m'pamene anaiona pikapu yobiriwira itaima tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi mawindo a chipinda chapansi. Mkati munali munthu wa chipewa, fulasiki ya khofi ili pachiwongolero.

Anawoloka, nagogoda pagalasi. Bambo Eino analitsitsa pang'onopang'ono.

"Mwadzatani kuno, Bambo?"

"Ndimangodutsa."

"Kudutsa mutazimitsa injini?"

"Yatsokomola," anatero akuyang'ana kutsogolo. "Ndati ndisakanikize. Ndiime kaye mpaka ana atadya chakudya cha masana."

Corinne anaseka, ndipo ulendo uno kuseka kunachokera pansi penipeni, mpaka misozi inalengeza m'maso.

"Mukazizidwa mulowe. Mayi Petrone aphika phala."

"Thamangani, Mayi Nkhawa. Nkhawa zisiyeni kuno, ndikusungirani mpaka madzulo."

Basi inali ikukhota pakona. Corinne anathamanga, chikwama atachipanira kukhwapa, nakwera. Anakhala pampando wa kuwindo, ndipo mpaka kukafika kwa dokotala wa mano chikwamacho sanachitsegule.